Galimoto ya gasi ikakana kulira pa petulo

Galimoto yomwe anaiika zida zoyendera gasi wa LPG, amene pa mapepala a Chipwitikizi amalembedwa GPL, imakhala ndi matanki awiri ndiponso njira ziwiri zodyetsera injini imodzi. Tsiku lonse ikhoza kuyenda pa gasi, koma m'mawa imadzuka ndi petulo. Umu ndi momwe zida zambiri zamasiku ano anazikonzera. Ndiye petulo akanyanyala, galimoto imangokhala pakhomo, sitata ikuzungulira mwamphamvu, thanki ya gasi ili yodzaza, mwini wake akukanda mutu.

Nkhaniyi njolemera kwambiri kuno ku Tete kuposa m'mayiko ngati Poland, Turkey kapena Italy, komwe gasi wa galimoto amagulidwa pa malo omwewo ogulitsira mafuta ena. Kuno petulo mumampeza paliponse, pa bomba (malo ogulitsira mafuta) komanso m'mabotolo m'mbali mwa msewu wopita ku Zóbuè, pamene gasi wa galimoto si wotero. Mbali ya petulo ikafa, gasi n'kukutherani pakati pa Moatize ndi mphambano ya ku Angónia, ulendo wathera pomwepo. Tisasokonezenso LPG ndi gasi wa GNV amene galimoto zina zimayendera ku Maputo ndi ku Matola. Ameneyo ndi gasi wachilengedwe wochokera ku Pande ndi Temane m'chigawo cha Inhambane, ndipo amapanikizidwa mpaka mabar 200 (bar ndi muyezo wa kupanikizika) m'masilinda olemera. LPG ndi propane wosakaniza ndi butane, m'bale wake wa gasi wophikira, ndipo m'thanki amakhala wamadzimadzi pa mphamvu ya mabar osakwana 10 kukakhala kozizira bwino.

Chifukwa chodzukira ndi petulo chagona pa umadzimadzi umenewo. Gasi akachoka m'thanki amafika pa kachipangizo kotchedwa reducer, komwe amasanduka mpweya asanalowe mu injini. Kuti asanduke mpweya amafuna kutentha, ndipo kutenthako amakutenga ku madzi a injini odutsa m'timapaipi tiwiri tolumikizidwa ku reducer. Madziwo akadali ozizira, reducer imazizira mpaka kuchita chisanu kunja kwake, gasi n'kudutsa asanasanduke bwino. N'chifukwa chake kompyuta ya gasi imadikira kuti reducer ifike pa madigiri 30 kapena 40, kenaka mumamva kakuti "tha", kanyali ka pa switchi yosinthira petulo ndi gasi n'kusintha. Mumzinda wa Tete, mwezi wa Okutobala, izi zimachitika musanaoloke n'komwe mlatho wa Samora Machel. Ku Ulónguè kapena ku Tsangano m'mawa wa mu Juni zimatenga nthawi, makamaka ngati wina anachotsamo themositati, kachipangizo kothandiza madzi a injini kutentha msanga, monga amakonda kuchitira amakanika ena poganiza kuti akuthandiza injini kuti isamatenthe.

Pa ofisina, malo okonzera galimoto, nkhani imayamba chonchi kawirikawiri.

"Amesitiri, dzulo ndachoka nayo ku Moatize bwinobwino, sinadandaule ngakhale pang'ono."

"Munabwera pa gasi kapena pa petulo, bambo?"

"Pa gasi."

"Nanga petulo munathira liti?"

Apa bamboyo amayang'ana kumwamba n'kuyamba kuwerenga miyezi. Makanika amene wafunsa funso limeneli asanagwire sipanala ndi woyenera kumusunga. Ine ndimakayikira aliyense amene amathamangira kunena kuti mapulagi kapena koyilo zapsa asanadziwe ngati galimotoyo ikulira pa gasi, chifukwa yankho la funso limenelo limachotsa theka la zinthu zokayikitsa popanda kulipira metikali imodzi.

Zida zambiri, kaya ndi za Landi Renzo, BRC ndi Lovato za ku Italy, Prins ya ku Netherlands kapena STAG ya ku Poland, zili ndi njira yolizira injini pa gasi pakagwa vuto. Nthawi zambiri mumadina batani la switchi osalisiya, n'kupotokola kiyi, ngakhale kuti kampani iliyonse ili ndi kachitidwe kake. Ikalira pa gasi n'kumayenda mosadumphadumpha, mwadziwa zambiri. Moto wa mapulagi ulipo, ndipo ngwamphamvu, popeza gasi amavuta kuyatsa kuposa petulo. Pulagi yofooka imayamba kuonekera pa gasi, pa petulo isanaonekere. Lamba wa timing sanaduke. Injini ikupanikiza mpweya mokwanira. Batire ndi sitata zilibe mlandu. Chatsala ndi njira ya petulo yokha, kuchokera m'thanki mpaka ku mainjekita (tizipangizo topopera mafuta mu injini), pamodzi ndi mawaya ake. Ikakana ponse pawiri, ndiye kuti mwina gasi alibe nawo mbali, ndipo iyesedwe monga galimoto ina iliyonse yokana kulira.

Tiyambire m'thanki, ngakhale kuti eni galimoto ambiri amakwiya ukawafunsa ngati muli petulo. Munthu woyendera gasi amaiwala kuti kuliza kulikonse kumadya petulo pang'ono. Woyenda maulendo aafupi, kunyumba, kumsika, kusukulu kwa ana, amazima injini isanasinthe n'komwe, choncho amakhala akuyendera petulo osadziwa. Geji nayo imanama. Kachoyandama ka m'thanki kakakhala malo amodzi kwa miyezi kamakakamira, ndipo pa galimoto zina kompyuta imawerengetsa yokha mafuta otsala potengera momwe mainjekita akugwirira ntchito, zomwe zimasokonekera gasi akalowererapo. Kuthiramo malita asanu a petulo watsopano ndi mayeso otsika mtengo kuposa ena onse.

Petulo amathanso kukhalamo koma atakalamba. Mbali yake yopepuka, yomwe imauluka msanga, ndi imene imayatsa injini yozizira, ndipo ndi yomweyo imayamba kuthawa petulo akakhalitsa. Kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi, komwe kumapitirira madigiri 40, kumafulumizitsa zimenezi. Pa galimoto zambiri pampu ya petulo imapitiriza kuzungulira ngakhale injini ili pa gasi, ndipo ngati pali paipi yobweza mafuta, petulo yemweyo amangopita ku injini yotentha n'kubwerera m'thanki tsiku ndi tsiku. Pakatha miyezi ingapo amada, n'kumanunkha ngati vanishi wa akalipentala. Mukamuthira m'botolo loyera pafupi ndi watsopano, kusiyana kwake kumaoneka ndi maso, ndipo ngati muli madzi mumawaona atakhazikika pansi. Madziwo amachokera ku chinyezi cha m'thanki yosadzaza, kapena ku zigubu ndi mabotolo ogulitsira mafuta m'mbali mwa msewu. Thanki ikakhala yachitsulo pamabwera dzimbiri, dzimbirilo n'kutseka kasefa ka kunsi kwa pampu.

Pampu ndiyo imafa kawirikawiri, ndipo imafa mwakachetechete. Pa galimoto za mainjekita imakhala m'kati mwa thanki, yomira mu petulo, ndipo petuloyo ndi amene amaiziziritsa. Mwini galimoto akamasunga petulo wongonyowetsa pansi pa thanki poti "ine ndimayendera gasi", pampu imazungulira pouma kwa makilomita mazanamazana. Galimoto ikadakhala ya petulo yekha ikadayamba kutsamwa pokwera mapiri a ku Angónia, iye n'kuzindikira msanga. Koma gasi amabisa matendawo. Pampu imafooka, kenaka n'kuima, injini ikuyendabe bwinobwino, mpaka m'mawa umene yakana.

Kuimvetsera n'kosavuta. Zimitsani wailesi, wina atsegule chitsekero cha thanki n'kutchera khutu, kapena atukule mpando wakumbuyo pomwe pali chivundikiro cha pampu. Mukatembenuza kiyi mpaka nyale za pa dashibodi ziyake, pampu yamoyo imalira "nzzz" kwa masekondi awiri kapena atatu. Pano pali msampha umene wagwetsa ambiri: ma Toyota ambiri, omwe ndi ochuluka m'misewu yathu, sayendetsa pampu mpaka sitata itayamba kuzungulira, ndiye kukhala chete kwake si umboni wakuti yafa. Pa ma Toyota akale muli kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS pafupi ndi injini, ndipo kulumikiza FP ndi +B ndi kawaya, kiyi ili yotsegula, kumayendetsa pampu mwachindunji. Pampu yokakamira nthawi zina imadzuka wina akamenya pansi pa thanki ndi chikhatho pamene mnzake akuliza sitata. Ikadzuka motero musasangalale kwambiri. Yakupatsani mpata wokafika kogula ina basi.

Musanaiweruze kuti yapsa, onani ngati magetsi akufikako. Fiyuzi ndi relay ya pampu (kaswitchi kamagetsi koipatsira moto) n'zotsika mtengo, ndipo relay mukhoza kuisinthanitsa ndi ina yofanana nayo m'bokosi lomwelo, monga ya hutala, kuti muone ngati pali kusintha. Galimoto zina, monga ma Ford ambiri, zili ndi switchi yodula pampu pakachitika ngozi, ndipo bampu yaikulu ikhoza kuigwetsa. Amisiri ena poika gasi amawonjezera relay yawoyawo yozimitsa pampu injini ikakhala pa gasi. Relay imeneyo simudzaipeza m'buku la galimoto, imakhala itamangiriridwa penapake ndi tepi, ndipo ikapsa pampu sidzukanso. Kulira kwa pampu pakokha sikutanthauzanso kuti ikukankha mokwanira. Injini wamba za mainjekita zimafuna mabar pafupifupi atatu kapena anayi, ndipo chotsimikizira ndi geji yoyezera, osati kumasula paipi n'kuona petulo akudontha.

Tsopano tifike pamalo amene galimoto ya gasi imasiyana ndi zinzake zonse, pomwe makanika wosazolowera zida zimenezi amasochera. Pa zida zamakono, silinda iliyonse ili ndi injekita yakeyake ya gasi, koma kompyuta ya gasi siganiza yokha kuchuluka kwa mafuta. Imabera kwa kompyuta ya galimoto. Woika zidazo amadula waya umodzi wa injekita iliyonse ya petulo, n'kulowetsa nsonga zonse ziwiri mu kompyuta ya gasi. Kompyuta ya galimoto ikalamula kuti injekita itseguke kwa nthawi yakutiyakuti, lamulolo limayamba ladutsa mu kompyuta ya gasi. Ngati mukuyendera gasi, iyo imaligwira, n'kulitembenuza kuti litsegule injekita ya gasi, kwinaku ikunamiza kompyuta ya galimoto kuti zonse zili m'malo. Ngati mukuyendera petulo, imangolilola kuti lipitirire.

Izi zikutiuza zinthu ziwiri. Choyamba, galimoto yotere ikamayenda pa gasi ndiye kuti kompyuta yake ili moyo, sensa ya crankshaft ikuwerenga kuzungulira kwa injini, ndipo immobiliser, yoletsa akuba kuliza injini, yaivomera kiyi, popeza popanda lamulo lochokera kumeneko gasi sakadatseguka. Wokuuzani kuti mugule kompyuta ina pamenepa akufuna kukudyerani ndalama, kapena sakudziwa. Chachiwiri, lamulo likhoza kufika bwino mu kompyuta ya gasi koma osatulukanso kupita ku mainjekita a petulo. Pa injini ya masilinda anayi pali malo asanu ndi atatu amene waya anadulidwa n'kulumikizidwanso. Ngati anangopotana n'kukulunga tepi, kutentha kwa injini, fumbi la malasha la ku Moatize, madzi a potsukira galimoto ndi kugwedezeka kwa misewu ya dothi zimachita ntchito yake pang'onopang'ono. Waya umodzi ukaduka, injini imalira koma ikunjenjemera. Onse akasowa nthawi imodzi, kayikirani pulagi yaikulu yolumikizira mawaya ku kompyuta ya gasi, yomwe imachita dzimbiri lobiriwira madzi akalowamo, kapena kompyutayo m'kati mwake, kapena waya wa magetsi wodyetsa mainjekita onse, umene oika zida amakonda kuboolapo kuti atengepo moto.

Kuyesa kwake n'kuchotsa kompyuta ya gasi pakati. Zida zina zimabwera ndi mapulagi ongolowetsa, ndiye mumangozula n'kubwezera mapulagi enieni a galimoto pa mainjekita ake. Pomwe anadula mawaya, makanika amalumikiza nsonga ziwiri za waya uliwonse monga zinalili poyamba. Ikalira, wolakwa wapezeka. Kanyali koyezera kakaphethira pa pulagi ya injekita pamene sitata ikuzungulira, lamulo likufika. Likamafika, mphamvu ya pampu ilinso bwino, koma mapulagi a moto n'kutuluka ouma osanunkha petulo, ndiye kuti mainjekita eniakewo amatirira ndi utomoni wa petulo wakale. Njira yosapitidwa imamera udzu. Pa mita mainjekita wamba amaonetsa ma ohm 12 mpaka 16, komabe akhoza kuonetsa nambala yabwino chonsecho singano ya m'kati itakakamira. Oterowo amatsukidwa, sikuti nthawi zonse agulidwe atsopano.

Galimoto zakale zili ndi nkhani yake. Pa za kabyuleta, paipi ya petulo imakhala ndi valavu yamagetsi yomwe imatseka mukasinthira ku gasi. Koyilo yake ikapsa kapena waya ukathothoka, petulo safika. Ambiri mwa mavalavu amenewa ali ndi kachogwirira kotsegulira ndi dzanja, ndipo kukatembenuza kumathetsa nkhani pomwepo. Kabyuleta yomwe yakhala youma nthawi yaitali imaumanso magasiketi, singano yake n'kukakamira, ndipo imafuna sitata izungulire kanthawi kuti idzaze. Palinso zida za mixer, pomwe gasi amangoyamwidwa ndi mpweya wolowa mu injini osadalira kompyuta ya galimoto. Pa zimenezi zomwe ndanena pamwambapa zokhudza kompyuta sizigwira kwenikweni: sensa yoyeza mpweya ikhoza kufa, gasi osadandaula, petulo yekha n'kukana. Ndipo chimene chimapha sensa imeneyi nthawi zambiri ndi gasi yemweyo, akaphulikira kumbuyo m'manifodi, mapaipi olowetsa mpweya mu injini, kuti "phuu", mpaka kung'amba bokosi la sefa ya mpweya.

Sensa ya kutentha kwa madzi imachitanso zofananako. Injini yozizira imafuna petulo wochuluka chifukwa wambiri amangomatirira m'makoma a manifodi osauluka. Sensa ikanamiza kompyuta kuti injini njotentha kale, petulo amaperekedwa wochepa, injini n'kukana. Gasi amalowa ali mpweya kale, choncho bodza limenelo silimukhudza kwambiri. Galimoto yokana m'mawa ku Domue koma yolira bwino masana ndi yofunika kuiyang'ana pamenepa.

Pali vuto lina limene limaoneka ngati la petulo pamene wolakwa ndi gasi. Injekita ya gasi yotha, kapena valavu yosatseka bwino, imadonthetsera gasi m'manifodi usiku wonse. M'mawa kompyuta imathira petulo wake pamwamba pa gasi ameneyo, mafuta n'kuchuluka kuposa mpweya, moto osagwira. Zizindikiro zake: sitata imazungulira nthawi yaitali, injini imalira mukaponda mafuta mpaka pansi, imayamba ndi kutsokomola ndi fungo lamphamvu, kenaka tsiku lonse osavutanso. Kuti mutsimikize, madzulo tsekani gasi pa valavu ya pa thanki injini ikulira, idye wotsala m'mapaipi mpaka ibwerere ku petulo, ndiye muzime. Ikadzuka bwino m'mawa mwake, mwampeza. Chofanana nacho ndi gasi wochunidwa molakwika. Kompyuta ya galimoto imaphunzira kuwonjezera kapena kuchepetsa mafuta potengera utsi, ndipo zomwe yaphunzira pa gasi wolakwikayo imazigwiritsanso ntchito pa petulo. Makina owerengera kompyuta amaonetsa zimenezi pa fuel trim, nambala ya mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa. Kuzifufuta kumathandiza masiku ochepa, koma zimabwerera mpaka gasi atachunidwa bwino pa laputopu yokhala ndi pulogalamu ya kampani ya zidazo.

Fungo la gasi silofunika kulizolowera. LPG payekha sanunkha, amachita kumuthira mankhwala onunkha kuti kudontha kuzidziwika. Ngwolemera kuposa mpweya, choncho sauluka kupita kumwamba. Amatsetsereka n'kudzaza dzenje lokonzera galimoto, pansi pa buti, m'ngalande. Pa ofisina zathu zambiri pafupi pomwepo wina akuwotcherera geti, wina akuwotcha chimanga pa mbaula. Kudontha kumafufuzidwa ndi madzi a sopo, osati machesi, ndipo paipi ya petulo isamasulidwe injini ili yotentha kapena batire lili lolumikiza. Amene amayesa kudzaza thanki ya galimoto kuchokera ku silinda yophikira, poitembenuza chadodolido ndi payipi yongopeka, akuseweretsa moyo. Thanki ya LPG imayenera kulekezera pa 80 peresenti kuti gasi apeze malo ofufumira akatenthedwa, ndipo dzuwa la kuno silichita nthabwala.

Mawu apadera kwa amene ali ndi galimoto zochokera ku Japan zolembedwa D-4 kapena GDI, kapenanso za Volkswagen za FSI ndi TSI. Injini zimenezi zimapopera petulo m'kati mwenimweni mwa silinda, ndipo zili ndi pampu yachiwiri pa injini yokankha ndi mphamvu ya mabar makumimakumi, nthawi zina kupitirira 100. Mainjekita ake amakhala pamoto, ndipo petulo wodutsamo ndi amene amawaziziritsa, n'chifukwa chake zida zambiri za gasi zoyenera injini zotere zimalola petulo pang'ono kumadutsabe nthawi zonse. Kuyenda nazo thanki ya petulo ili youma ndi kuwotcha mainjekita okwera mtengo. Mapaipi ake achitsulo si omasula pansi pa mtengo wa mango kuti muone ngati mafuta akubwera.

Kuliza pa gasi kuli ndi malire ake. Zida zina zimawerenga kuti mwatero kangati, kenaka n'kukana mpaka wa laputopu atafufuta. Ikalira, isiyeni itenthe payokha osaiponda, makamaka kumapiri, kuti reducer isaume ndi chisanu. Ndipo ngati vuto ndi thanki youma, kumbukirani kuti pampu ikuzungulirabe pouma pa kilomita iliyonse imene mukuyenda.

Chomwe ndingalimbikire kwa aliyense woyendera gasi n'chakuti petulo asatsike kupitirira kotala ya thanki, azithiridwa watsopano pang'onopang'ono m'malo modzaza kamodzi n'kumuiwala, ndipo mlungu uliwonse galimoto iziyenda mtunda wooneka pa petulo yekha, pena pokwera, kuti pampu ndi mainjekita zigwire ntchito yolemetsa. Kufooka kumaonekera pamenepo, mudakali pafupi ndi kwanu.

Pomwe zonsezi zili bwino koma injini ikuvutabe kudzuka, pa petulo ndi pa gasi pomwe, n'kumanjenjemera ikangoima, yesani mphamvu ya masilinda. Gasi amayaka mouma, ndipo pa injini zomwe sanazipangire gasi mavalavu otulutsa utsi amadya pokhalira pake pang'onopang'ono, mpata wake n'kumachepa mpaka valavu osatsekanso bwino. Injini zambiri za Toyota, Honda ndi Subaru sizichuna zokha mpata umenewu, zimafuna munthu ayeze ndi filagaji, timalata topyapyala toyezera mpata, injini ili yozizira. Mpata ukapezeka wachepa msanga, kuchuna kumakwanira. Valavu ikapsa, ndiye kuti hedi itsike.